Bango Lalitali la ku Liwonde

Inu ana inu, sunthirani kuno kumthunzi wa mangowu, koma manja asaleke kuswa mtedza. Mvula ili pafupi ndipo mbewu siyembekeza munthu. Iwe Chisomo ndikukuona, njere ziwiri m'lichero, zitatu m'kamwa. Ukapitiriza choncho chaka chino tidzala makoko.

Tiyamike, ndakumva ukudandaula kuti kwatentha. Kutentha kwake kuti, kuno kumapiri a Ntchisi kumene ngakhale mwezi uno wa Okutobala munthu umadzuka utakumbatira bulangete? Kutentha kuli ku Liwonde kumene iwe udabadwira. Kumeneko misomali ukaisiya padzuwa sungaitole ndi dzanja. Sungakumbukire, poti tidachokako ukuphunzira kumene kuyenda. Lero ndikuuzeni za kumeneko, ndi za mmene bambo anu adalowera m'banja lino. Adalowa movutika, ndipo wowavutitsayo ndidali ine.

Kuti mumvetse, ndiyambe ndi achimwene anga a Samuele. Ine kwathu ndi kwa Chisepo, ku Dowa. Pamudzi pano ndidangobwera kudzakwatira agogo anu a Nankhoma, ndiye musanyengedwe ndi imvizi, ndine mkamwini ngati bambo anu omwewo. A Samuele adali ndi mawu okoma. Akayambitsa nyimbo m'tchalitchi, azimayi ankaiwala kutsegula mabuku. Itabuka nkhondo yachiwiri ya azungu adalembedwa usilikali, nawoloka nyanja yamchere. Adabwerako ndi jombo ndi chikhoti chachikulu, koma mawu adawasiya komweko. Ankakhala kuseri kwa nkhokwe tsiku lonse maso ali pansi. Mwana akagwetsa mbale yachitsulo, iwo ankadzigwetsa chafufumimba m'fumbi. Sadakwatire, sadaimbenso, ndipo adamwalira tsitsi lawo lisadayambe kuyera. Pamanda awo ndidalumbira mumtima kuti chovala chausilikali sichidzalowanso m'nyumba imene ine ndili mwini wake.

Ine ndidaphunzira umisiri wa matabwa kumishoni. Inu mumaona akalipentala a pamsika wa Malomo akukhoma mpando ndi guluu ndi misomali khumi, mawa lake mwendo waguluka. Ife ankatimenya ndi rula pa zala ukaika msomali pamene pafunika mphako ndi lilime. Thabwa tinkayamba nalo lili mtengo. Tinkakumba dzenje, chipika pamwamba, wina pansi wina pamwamba, n'kumakokerana macheka kuyambira m'mawa mpaka mithunzi itatalika. Wapansiyo utuchi unkamugwera m'maso, ndipo wapansi nthawi zonse ankakhala wamng'ono. Ndidakhala m'dzenje zaka ziwiri. Puleni yanga yoyamba yopalira matabwa ndidasema ndekha, mpeni wake wokha ndiwo udachokera kusitolo.

Mbiri itamveka kuti ku Liwonde akumanga baraji, mlatho wa zitseko zotsekera madzi a Shire, ndipo akufuna amisiri, ndidasenza bokosi la zida pamutu. Maminibasi amene mumakwera mukudandaula kuti athina kudalibe. Ndidayenda pansi kuchoka pano kudzera ku Dowa paboma, kutsikira ku Mvera mpaka ku Salima, masiku atatu, kamba wanga ali mbatata yootcha ndi chimanga chokazinga. Ku Salima ndidakwera sitima ya malasha. Ndidafika ku Balaka malaya oyera atasanduka a namfedwa, kenaka lole ya thonje idandisiya m'mbali mwa mtsinje.

Liwonde ya masiku amenewo idali sitolo zowerengeka, migwalangwa, milambe ndi udzudzu. Magalimoto ankawoloka pa pantoni, chibwato chophwatalala chimene ankachikoka ndi chingwe chachitsulo. Padali mkulu wina Mchawa, Che Amidu, amene adakalambira pantchito imeneyo. Ndiye adayamba kunditcha Che Mwale, dzina lidandikanirira mpaka ndidachokako. Nthawi yopuma ankandiloza malo. Apa, akuti, ndi pamene ankawolotsera akapolo agogo ake ali ana. Apo azungu adamanga linga, momwe mudali asilikali achimwenye a nduwira kumutu, ndipo sitima za pamadzi zinkaima kutenga nkhuni. Ankati, "Che Mwale, malo owolokera sasowa mfuti. Aliyense wolamula dziko amafuna adziwe amene akuwoloka."

Sipadapite nthawi, ndidaona ndekha. Anthu ena amene adasemphana ndi boma adatsika ndi mfuti kuchokera cha ku Mangochi, kulinga ku Zomba kumene kudali likulu nthawi imeneyo. Atafika pamtsinje adapeza pantoni ili tsidya lina, ndipo ulendo wawo udathera pomwepo. Masiku otsatira paliponse padali asilikali. Ine sadandichite kanthu, koma ndikaona jombo zija ndinkaona a Samuele, ndiye ndinkadzera njira ina. Nkhani imeneyi ndikuinena lero masanasana pansi pa mango chifukwa cha zipani zambirizi. Kale ukangoti pantoni mokweza, mnzako ankayamba wacheuka. Ukalakwitsa pakamwa unkakagona kundende ya ku Dzaleka, kuja tsopano kuli anthu othawa nkhondo akugulitsa mandasi.

Baraji itatha pantoni adaikokera kumtunda, ndipo tauni idayamba kukula tikuona. Kudabwera njanji yopita kunyanja yamchere ku Mozambique, ndi mlatho wakewake. Kudamangidwa nyumba zikuluzikulu zosungiramo feteleza ndi mbewu. Pambuyo pake kudadza malo ofufutira zikopa, amene mphepo ikatembenuka tonse tinkadya titatseka mphuno. Ine ndidalowa pa fakitale ina ya matabwa, kupanga zitseko, mafelemu ndi madesiki a sukulu. Nditapeza nyumba ndidaitanitsa agogo anu. Chaka chathunthu adakana kudya mlamba, ati sangadye nsomba ya ndevu ngati mkulu wa mpingo. Atalawa wowamba wothira tomato, ndi iwo ankandituma kudoko. Adalimanso kadimba m'mbali mwa mtsinje, koma mvuu imodzi idakolola chimanga chonse usiku umodzi, ndipo adalilira nkhwani wa kuno kwa mwezi.

Kumeneko ndi kumene adabadwira Esinati, mayi anu, mwana wamkazi yekhayo pambuyo pa anyamata atatu. Ali ndi zaka ngati zako, Tiyamike, ndidapeza chipika cha mlombwa, chowongoka, chofiira ngati chiwindi. Ndidachicheka ndekha matabwa ataliatali n'kuwasanja pamitanda ya denga kuti aume pang'onopang'ono. Ndidamuuza kuti, "Awa ndi a bedi lako tsiku lomwe udzakwatiwe." Chaka chilichonse ndinkawatembenuza, iye ataima pansi akundigwirira makwerero.

Kenaka ku Mozambique kudavuta. Anthu ankawolokera kwathu ndi mitolo pamutu, ndipo sitima zidaleka kuyenda chifukwa zigawenga zinkaphwanya njanji. Dziko lathu lilibe doko lakelake, ndiye boma lidatuma asilikali kuti azikwera nawo sitimazo kuziperekeza. Adamanga matenti awo pafupi ndi siteshoni. M'mawa ankathamanga mumsewu akuimba, ana a sukulu ali pambuyo. Amalonda adakondwa. Agogo anu ndi Esinati adali ndi kanyumba ka tiyi pafupi pomwepo, ndipo masikono ankatha dzuwa lisadakwere. Ine ndekha ndinkayenda nkhope ili gwaa.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, kudamveka odi pakhomo. Adalowa anyamata awiri ovala bwino, onse aatali ngati migwalangwa, aliyense adachita kuwerama pachitseko. Woyamba adagwada n'kupereka moni m'Chichewa cha kwathu chenicheni.

"Bambo, ine ndine Gidiyoni. Kwathu ndi kwa Chisepo, kuseri kwa dambo lija mumawolokera popita kumsika."

Mtima udatsika, poti mudzi umenewo ndinkaudziwa. Tidafunsana za mvula ya kumudzi ndi za anthu. Kenaka adati, "Mnzangayu ndi Laisoni, kwawo ndi ku Phalombe. Abale ake ali kutali, ndiye wati ndimuyankhulire. Maso ake agwera pakhomo pano. Tati tiyambe tadzaonekera kwa inu, mutiloze kumene kuli amalume a mwana."

"Mumagwira ntchito yanji?" ndidafunsa, ngakhale kametedwe kawo kadali katandiuza kale.

"Ndife asilikali, bambo. Tonse ndife makopolo."

Ndidati, "Mwana wanga sakwatiwa ndi mfuti."

Laisoni, bambo anuwo, adali asadatsegule pakamwa. Adayang'ana pansi n'kunena motsitsa, "Bambo, mfuti ndi ya boma. Ine ndine mwana wa amayi anga."

Adali mawu abwino, ndipo chifukwa choti adali abwino ndidakwiya koposa. Ndidatuluka n'kuwasiya ndi tiyi wawo.

Koma kwathu kuno mukudziwa, mawu otsiriza pa mwana ndi a malume ake. Agogo anu adalembera kalata mchimwene wawo, alamu anga a Zakeyu. Adabwera pa basi, adacheza ndi anyamatawo masiku awiri, adafunsa Esinati payekha, navomera. Kwa ine adangoti, "Alamu, amene adapita kunkhondo ija ndi a Samuele. Uyu ndi munthu wina." Ukwati udachitika m'tchalitchi, Gidiyoni ataima ngati nkhoswe. Ine ndidapita, ndidakhala pabenchi yakutsogolo, koma nyimbo sindidaimbe.

Patapita mlungu Esinati adabwera kunyumba. Adayang'ana kudenga n'kufunsa, "Ababa, nanga bedi lija?"

"Matabwa sadaume," ndidatero.

Adali atauma zaka zoposa khumi. Iye ankadziwa, inenso ndinkadziwa kuti akudziwa. Iye ndi mwamuna wake ankagona pamphasa m'kanyumba ka lendi, mwana wa mmisiri amene adakhomera mabedi theka la tauni. Laisoni akabwera kudzationa ankabweretsa shuga kapena nsomba, ankadula nkhuni, adakonzanso mpanda wa bafa osauzidwa. Ine ndinkangoti, "Mwaswera bwanji a Kopolo," basi n'kutsegula wailesi. Zidakhala choncho chaka ndi miyezi.

Tsopano tafika pa tsiku lenilenilo. Chisomo, leka kaye kutafuna.

Idali nyengo ngati ino, mitambo ikusonkhana koma mvula osagwa. Esinati adali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndiwe Tiyamike udali m'menemo. Sitima imene Laisoni adaperekeza inkayembekezeka Lachiwiri. Lachiwiri lidadutsa, Lachitatunso. Lachinayi m'mawa kudalowa mutu wa sitima ukukoka mabogi awiri okha, ndipo asilikali adatchinga siteshoni kuti munthu asayandikire. Mbiri idayenda m'tauni kuti sitima idaponda bomba ndipo kudali kuwomberana.

Belu la kufakitale litangolira, padafika galimoto la asilikali. Mudatsika kaputeni atanyamula mabango atatu ongodulidwa kumene kumtsinje. Inu simudziwa, poti masiku ano amayeza ndi tepi. Kale maliro ankawayeza ndi bango, kulidula molingana ndi msinkhu wa malemu, n'kupita nalo kwa okumba manda ndi kwa mmisiri. Kapitawo wathu adandiitana chifukwa ndidali mmisiri wamkulu.

Kaputeni adati, "Tikufuna mabokosi atatu isanakwane nthawi ya chakudya cha masana. Kukutentha, sitingadikire a ku Zomba."

"Ndi ayani, bwana?"

"Mayina sitinena mpaka abale awo atauzidwa. Ingokhomani, madala."

Ndidalandira mabango aja. Awiri adali a msinkhu wa anthu wamba. Lachitatu nditaliimika pansi lidandipitirira kutali. Diso la mmisiri ndi loipa, ana inu, limayeza ngakhale usakufuna. Chitseko cha nyumba yanga ndidachipanga ndekha, ndipo ndinkadziwa pamene mutu wa Laisoni unkafika akamawerama polowa. Bango lija lidafika pomwepo, osachepa osapitirira. Za Gidiyoni sizidandibwerere n'komwe m'mutu. Chaka chonse munthu amene ndinkamuyang'anitsitsa ndi diso lokwiya adali mmodzi yekha.

Matabwa a paini amene tidali nawo adali odulidwa kale a madesiki. A mabokosi awiri aja adakwanira, koma a lachitatu adaperewera. Kapitawo adati tilumikize zidutswa, nsalu ibisa. Ndidati ayi, ndipo ndidauyamba wa kunyumba.

Agogo anu adandipeza nditakwera pamakwerero ndikutsitsa mlombwa uja.

"Bambo a Esinati, matabwa a mwana mukupita nawo kuti?"

Adayang'ana nkhope yanga, adayang'ana matabwa, kenaka adangokhala pansi pomwepo padothi, miyendo tambalale.

"Mwaona ndi maso?" adafunsa.

"Ndaona bango."

Ndidawasenza ndekha paphewa maulendo awiri. Anzanga ankakhoma ena aja, ine ndidatenga lalitali. Sindidagwiritse makina. Ndidapala ndi puleni yanga, thabwa lililonse mpaka dzanja lizitsetsereka. M'ngodya ndidalumikiza mwa mano monga adatiphunzitsira kumishoni. Popala ndinkakumbukira zinthu zazing'ono zimene ndinkayesa kuti sindidazione: mmene ankavulira chipewa akadali kumsewu, mmene adanyamulira agogo anu panjinga atadwala malungo, mmene ankasiyira nsomba yaikulu pambale yanga. Ndidapeza kuti mnyamatayo ndinkamudziwa bwino, ndipo padalibe choipa chilichonse chimene ndikadamunenera. Ndidafuna kupemphera, koma ndidasowa chopempha. Ndikati asakhale iye, ndiye kuti akhale mwana wa munthu wina.

Dzuwa lili pafupi kufika pamutu, mnzanga adandikodola kuti kumpanda kuli munthu. Adali Esinati. Adachokera kusiteshoni kumene akazi a asilikali adaima chiyambire m'mawa.

"Ababa, akuti ena avulala, ena afa, koma sakutiuza. Akuti galimoto lawo linabwera kuno. Mwamvako chiyani?"

"Sadanene mayina, mwana wanga. Pita kwa amayi ako ukakhale pamthunzi."

Sadasunthe. Maso ake adali pa malaya anga ndi m'tsitsi langa, momwe mudali zopalapala zofiira. Paini ndi woyera, ndipo mwana wa mmisiri amadziwa mlombwa. Adagwira waya wa mpanda ndi manja onse awiri. Sadalire. Adangofunsa ndi mawu aang'ono, "Auma tsopano matabwa aja, ababa?"

Pa moyo wanga ndamenyedwapo, ndatukwanidwapo, koma palibe chidandilasa ngati funso limenelo. Agogo anu adafika n'kumutenga.

Mabokosi atatha adatikweza nawo pa lole, ine ndi mnzanga mmodzi, kuti tikakhome zivundikiro. Adatilowetsa m'nyumba ya katundu ya pasiteshoni. Pansi padagona anthu atatu okutidwa m'mabulangete. Asilikali adawanyamula mwaulemu n'kuwaika m'mabokosi. Wamtali uja adakwanira bwinobwino. Ndidagwira hamala.

Ndidati, "Bwana, ndiloleni ndione nkhope ndisanakhome."

Kaputeni adapinda bulangete yekha. Adali Gidiyoni.

Ndikuuzeni zoona, chifukwa ndakalamba ndipo bodza lilibenso ntchito kwa ine. Choyamba kulowa mumtima mwanga chidali chimwemwe chachikulu. Pambuyo pake padadza manyazi. Apa padagona mwana wa kwathu, amene adagwada m'nyumba mwanga n'kundifunsa za mvula ya kwa Chisepo, ndipo ine ndidakondwa pomuona. Ziwirizi zidakhala mumtima mwanga limodzi, ndipo mpaka lero sizidasiyane kwenikweni.

"Nanga Kopolo Laisoni?" ndidafunsa.

"Ali moyo. Wavulala mwendo, tamutumiza kuchipatala ku Zomba m'mawa womwe uno. Mukumudziwa?"

"Ndi mkamwini wanga."

"Ndiye bwanji simunanene m'mawa muja kuti ndinu apongozi ake? Bwenzi nditakuuzani."

Mawu akuti mkamwini wanga ndidali ndisadawatchulepo chikwatiwire mwana wanga.

Ndidakhoma chivundikiro cha Gidiyoni bwinobwino, msomali uliwonse pamalo pake. Nditatha ndidathamanga. Mundione lero ndikuyenda ndi ndodo, koma tsiku limenelo munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndidadutsa msika wa Liwonde liwiro, hamala ili m'manja, anthu akupatuka kuyesa ndapenga. Ndidapeza Esinati atagona pamphasa, mutu uli pamiyendo ya amayi ake. Ndidalankhula ndili pakhomo, mpweya ukuperewera: "Ali moyo. Ali ku Zomba. Ndi mwendo chabe." Apo m'pamene adalira.

Ndidapempha kuti ndiperekeze maliro a Gidiyoni, poti njira ya kwawo ndinkaidziwa kuposa dalaivala. Tidayenda tsiku lonse pa lole. Mayi ake adali wamasiye, ndipo uyu adali mwana wawo wamwamuna yekhayo. Mwambo utatha adandiitanitsa. Adati amva kuti bokosi ndidakhoma ndine, ndipo adathokoza kuti mwana wawo sadagone m'matabwa a chabechabe. Ndidalandira kuthokozako mutu uli pansi.

Nditabwerako ndidapita ku Zomba. Laisoni adali pabedi, mwendo uli m'chikhakha, ataonda ngati wadwala chaka. Atandiona adafuna kudzuka.

"Gonani, mwana wanga," ndidatero.

Adandiyang'ana ngati sadamve bwino. Kenaka adandifotokozera. Bomba litaphulika zipolopolo zidayamba kuchokera m'tchire, ndipo chimodzi chidamuphwanya pansi pa bondo. Gidiyoni adamukokera kuseri kwa mateyala a bogi, adamumanga mwendo ndi lamba, n'kubwerera kukatenga mnzawo wina. Ulendo wachiwiriwo sadabwerenso. Laisoni adanena zimenezi akuyang'ana kudenga, misozi ikulowa m'makutu. Ine ndidakhala naye mpaka anamwino adatitulutsa. Ndidaopa kuti akhala chete ngati a Samuele, ndiye Loweruka lililonse ndinkakwera basi kukamulankhulitsa. Ndinkamufunsa za ku Phalombe, za nandolo, za amayi ake, chilichonse. Mwina achimwene anga akadapeza wowafunsa m'malo mowasiya kuseri kwa nkhokwe, bwenzi ataimbanso. Sindidziwa. Ife nthawi imeneyo tinkayesa kuti kumusiya munthu yekha ndiko kumulemekeza.

Ndodo zake zoyendera ndidamupangira ndine, poti za kuchipatala zidamufupikira. Bedi ndidakhoma la m'bawa, ndipo lidatha kutatsala masiku anayi kuti ubadwe, Tiyamike. Ndi lomwe lija mumalumphapo amayi anu akapita kuchigayo, musayese sindimva.

Usilikali udathera pomwepo chifukwa cha mwendo. Inenso maso adayamba kuona mizere iwiri pa rula, ndiye tonse tidalongedza kubwera kuno kwawo kwa agogo anu. Bambo anu fodya sankamudziwa. Chaka choyamba adalima mizere yowongoka ngati asilikali pa perete, kutsika phiri chindunji, mvula n'kukokolola zonse kukasiya kudambo. Mudzi wonse udaseka, iwonso adaseka nawo. Lero ndi iwo amene anthu amadzawafunsa kasankhidwe ka masamba. Tsiku lovota lija tidapita limodzi kusukulu, iwo akutsimphina ine ndi ndodo, tidafika mzere utatalika. Sadandiuze amene adamusankha, inenso sindidawauze, ndipo pobwerera tidagawana nzimbe imodzi.

Za bango lija ndidawauza posachedwapa, tikumanga chigafa cha fodya chatsopanochi. Iwo adali pamwamba akumanga mitanda, ine pansi ndikupatsira luzi. Ndidati, "Bambo a Tiyamike, pali chinthu sindidakuuzeni. Bokosi la Gidiyoni lija ndidakhomera inu. Ndinkayesa ndinu."

Adaleka kumanga. Adati, "Esinati adandiuza kalekale, bambo. Ndinkadikira kuti mudzanene nokha."

"Simudakhumudwe?"

"Akuti mudapala ndi manja, osafuna makina."

"Ndidatero."

"Ndiye ndidadziwa kuti mumandikonda. Ndipo Gidiyoni adayenera mlombwa kuposa ine. Patseni luzi."

Ndidawapatsa luzi, tidamaliza denga tsiku lomwelo.

Tsopano mverani chifukwa chimene ndakusimbirani zonsezi lero. Mayi ake a Gidiyoni akadali moyo kwa Chisepo. Chaka chilichonse mvula isanagwe, ine ndi bambo anu timapita kukawafolerera nyumba ndi kuwasiyira mbewu. Lichero limodzi la mtedza mukuswawu ndi lawo. Chaka chatha adatifunsa kuti mwana uja adali m'mimba nthawi ya maliro adakula bwanji, ndipo bwanji sitibwera naye. Ndiye Loweruka lino, Tiyamike, ukwera nafe. Maso awo adachita khungu, adzafuna kukugwira kumaso ndi kumutu kuti adziwe msinkhu wako. Usadzathawe, manja awo ndi okhakhala koma ndi ofatsa. Udzagwade, udzawatche agogo. Akadzakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani, udzangoti wa Laisoni. Zina zonse akuzidziwa.